Nankafumbwe ndi Fumbi la Siliva

Padangokhala. Vomerani kuti tili limodzi, ngakhale mukuwerenga chamumtima, pakuti ine sindisimbira nthano anthu ouma pakamwa. Iyi simudaimveko kwa wina aliyense. Ndaiumba ndekha, ndipo mbiya youmba ine sidontha.

Padali mayi wina dzina lake Nankafumbwe, kachilombo kaja koboola chimanga. Mwamuna wake adafa chaka chimene mwini nkhokwe adathira mankhwala a ufa, ndiye mayiyu adatsala yekha, mimba ili tho ndi mazira. Pa luso lolowa m'zinthu padalibe womuposa. Amati akafika pa njere, kuboola kabowo, kuikiramo dzira, n'kumatapo mosalala, mwini chimanga n'kumaitembenuza njereyo m'manja akuti, "Chaka chino ndasunga bwino."

Koma mwini nkhokwe uja adasinthanso nzeru. Adatonola chimanga chonse, kuchithira m'matumba osalowa mpweya, nkhokwe n'kuiphwasula. Nankafumbwe adapulumuka ndi njere zochepa zimene zidagwera pansi, komanso ndolo ya siliva imene mkazi wa pakhomopo adataya kalekale potapa chimanga. Ndoloyo ankaikonda ngati m'bale wake. Ankagona choitsamira, kukatentha n'kuifungatira kuti imuziziritse, ndipo sidamuchitepo choipa.

Adaikira mazira ake onse m'njere zija n'kumata. Atangomaliza, kumwamba kudagunda. Njere ikanyowa imamera kapena kuola, ndipo mwana amene ali m'katimo amathera pomwepo. Pankafunika malo ouma mvula isanagwe, ndipo malo ouma adali amodzi okha: chulu cha Manthu.

Manthu adali mfumukazi ya chiswe, mayi wobereka onse a m'chulumo. Ankangogona m'chipinda chapakati, chimimba chili mbee, kuikira mazira osapuma. Chulu chakecho chidalibe khomo. Chakudya chikapezeka kunja, kaya udzu wouma kaya kamtengo, amisiri ankabwera ndi mkulu wawo Kamata n'kuchikuta ndi dothi loponda ndi malovu awo. Khoma linkakwera uku ndi uku, kukakumana pamwamba, basi chimene chidali kunja chapezeka chili m'kati. Pomata ankaimba. Kamata ankatsogolera ndi funso lakuti chagona pakhomali n'chayani, amisiri onse n'kuvomera kuti n'chakwawo, chifunditsidwe chilowe. Chiswe sichipenya, mukudziwa, chimazindikira zinthu ndi fungo ndi tinyanga tokhudzira. Ndiye chinthu chisanakutidwe ankayamba achinunkhiza asilikali, agang'a aja a mitu yofiira, ndipo mkulu wawo adali Chibwano.

Nankafumbwe adafika pachulu.

"Odi kuno!"

"Odi wa chiyani popanda khomo?" adatero Chibwano, atatulutsa mutu wokha pa kabowo ka alonda. "Ndiwe yani?"

"Ndine Nankafumbwe, bambo. Ndili ndi ana m'njere. Ndikupempha kachipinda kouma mpaka mvula ithe."

"Nankafumbwe uja wosandutsa nkhokwe gaga? Anyamata, mwamva? Mbala ikupempha mphasa!"

Agang'a adaseka, akumenyetsa mitu pansi monga achitira.

"Kupemphaku ndi ulemu chabe, aChibwano," adatero Nankafumbwe. "Ndikadafuna ndikadalowa kale."

"Muno? Mayi iwe, linthumbu lidabwera ndi nkhondo yake yonse, lidabwerera pakhoma pomwe waimapo. Muno ngakhale mphepo imayamba yandipatsa moni."

"Mphepo ili ndi ulemu. Ine luso langa lilibe."

Mawuwo adayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kwa Manthu, ndipo yankho lidabwera ndi Kamata.

"Amayi akuti akumva kuti ndinu katswiri," adatero Kamata. "Akuti lowetsani chinthu chanu chimodzi chikafike pathupi pawo asilikali osachigwira. Chikafika, chipinda n'chanu ndi ana anu. Chikalephera, musadzapondenso pano."

"Kawauzeni Amayi ayambe kusesa chipindacho," adatero Nankafumbwe.

Adapita kukatenga ndolo ija, kuikulunga m'khoko louma la chimanga, n'kuikwakwaza mpaka pakhoma. Msilikali wina adanunkhiza, akuti khoko, chakudya ichi. Kamata adayambitsa nyimbo, amisiri kuvomera, khoma kukwera uku ndi uku. Koma pokakumana pamwamba lidakana. Amata, ligumuka. Amata, ligumuka.

"Khoko lanji lolemera ngati mwala?" adatero Chibwano. "Patukani!"

Adaluma ndi mphamvu zake zonse. Padangomveka kuti ngwee! Chibwano adagwa chagada, mutu ukulira ngati belu.

"Mano alipo, bambo?" adafunsa Nankafumbwe.

"Chotsa chitsulo chako! Ukufuna kulowetsa njovu m'khola la nkhunda?"

"Zikomo pondiphunzitsa, aChibwano. Ndiye vuto ndi kukula."

Adaikokera ndolo pa mphero yakale imene anthu adataya. Mlomo wa Nankafumbwe musaupepute, ndi choboolera, ndi tupa, ndi munsi. Adapala, kukhuta pamwala, kupalanso, mpaka ndolo idasanduka timiyala tonga mchenga. Adaboola udzu wouma, kutsira timiyalato m'mphako mwake, kumata mabowo, n'kukauika pakhoma.

Asilikali adanunkhiza: udzu. Chibwano adaunyamula: wopepuka. Nyimbo idayamba, funso kutsogolo, kuvomera pambuyo, ndipo ulendo uno khoma lidakumana bwinobwino. Udzu udamezedwa. Nankafumbwe adavina kuzungulira njere zake.

"Ana anga, longedzani! Tikukagona pouma!"

Sadavine nthawi yaitali. M'katimo mudali osankha chakudya, amene ankang'amba udzu uliwonse n'kuupapasa ndi tinyanga. Adapeza timiyala tozizira topanda fungo. Adatitola kamodzikamodzi, kukwera nato pamwamba pa chulu, n'kumukhuthulira Nankafumbwe pamutu, waa!

"Katundu wako uyo!" adakuwa Chibwano. "Waona? Ukandidutsa ine, ukakumana ndi anzanga. Chopanda fungo lathu sichigona muno, mayi."

Dontho loyamba la mvula lidagwa pafupi ndi njere, pha! Nankafumbwe adaliyang'ana likulowa m'dothi. Koma pakamwa padali pomwepo.

"Zikomonso, aChibwano. Mukadakhala mphunzitsi, ana akadakhoza onse."

Adabwerera kumphero ndi timiyala take. Apa ndiye adapera ngati wopenga. Kuposa ufa woyera, kuposa phulusa, kuposa mwaye wa kudenga. Adapera mpaka iye mwini sankathanso kuona kanthu kamodzi pakokha, ankangoona kautsi kotuwa katagona pa tsamba. Adanyamula tsambalo mosamala, kukaliyala pansi penipeni pa kabowo ka alonda, iye n'kuima kuseri kwake.

"AChibwano! Ndabwera kudzatsazika. Ndagonja."

"Wachita bwino. Pita."

"Koma ndisanapite, mundiyankhe kanthu kamodzi. Kodi n'zoona zimene akunena kunjaku, kuti inu simutha kudya nokha?"



"Akuti mano aakuluwo ndi ongoopsezera. Akuti mkulu wa asilikali amayasama ngati mwana wa mpheta, wantchito n'kumulavulira phala m'kamwa. Ine ndinakana. Ndinati aChibwano, bambo wathunthu, mutu ngati tsabola wakupsa, angadyetsedwe ngati khanda?"

Tsono zidali zoona, ndipo palibe chopweteka mgang'a kuposa chimenecho. Lamulo silinkamulola kuchoka pa kabowo kukathamangitsa mdani, ndiye adachita chimene agang'a amachita mdani akakhala patali. Adalavula.

Nankafumbwe adabisa mutu. Malovu adagwera patsamba, thapsa.

"Mwaphonya, bambo! Kapena akulavulireninso wantchito?"

"Anyamata, musambitseni!"

Agang'a onse adathamangira pa kabowo, kulavula molimbirana. Nankafumbwe ankangodumphira uku ndi uku kuseri kwa tsamba, akutukwana wina mutu, wina miyendo, mwendo wake umodzi ukutakasa fumbi lija m'malovu. Kanthu kalikonse kosaoneka kaja kadavala malovu ngati malaya. Atathana nazo, adadziliritsa.

"Mayo ine, mwandinyazitsa! Ndapita, sindidzabweranso!"

Adakabisala kuseri kwa njere zake n'kumamvetsera.

Posakhalitsa Kamata adadutsa ndi amisiri. Adaima, kununkhiza.

"Ichi chatuluka bwanji kunja? AChibwano, tanunkhizani, si chathu ichi?"

Chibwano adanunkhiza, n'kumva fungo la iye mwini.

"N'chathu chenicheni. Akusasamala ndani? Lowetsani msanga mvula isachinyowetse!"

Nyimbo ya tsiku limenelo idamveka mpaka kutali. Kamata pofunsa kuti n'chayani, ngakhale asilikali adathandiza kuvomera kuti n'chakwawo, mawu a Chibwano ali pamwamba pa onse. Khoma lidakwera, kukumana, tsamba kumezedwa.

Osankha chakudya adapapasa, osapeza chosankha. Ukatola bwanji chinthu chochepa kuposa nsonga ya kanyanga kako? Adalipititsa tsambalo kumunda wa bowa, pakuti chiswe chimalima bowa m'kati mwa chulu, ndipo chilichonse cholowa chimakathera kumeneko. Alimi adadya bowa. Ndipo m'chulu mulibe mbale: mlimi amadyetsa mmisiri pakamwa, mmisiri adyetsa msilikali, wina adyetsa namwino wolera mazira, namwino adyetsa Manthu. Chakudya chimodzi chimadutsa m'mimba zambirimbiri.

Musati izi n'za chiswe chokha. Ine sayansi ndidaikhoza bwino kusekondale, sindilankhula zongomva. Thupi lanulo nalo ndi chulu cha tizipinda tosaoneka, maselo, ndipo kakhoma ka selo kamatha kukuta kanthu kakang'onong'ono kamene kavala zakwawo n'kukameza, osadziwa kuti kameza chiyani. Koma tiyeni kunthano.

M'chulu monse amene adali ndi maso adali ngumbi zokha, ana achifumu odikira mvula kuti auluke. Tsiku lina zidapita kukalonjera mayi wawo, n'kungoima pakhomo la chipinda kukamwa yasa.

"Amayi, mimba yanu!"

"Yatani?"

"Yatuwa! Ikuchita waliwali ngati mamba a nsomba!"

Manthu adaitanitsa Chibwano.

"Walowetsa chiyani?"

"Ine, Amayi? Palibe! Chilichonse ndanunkhiza ndekha!"

"Nanga ichi chili pathupi pangachi chabwera ndi ndani?"

 Kunja kudamveka mawu a Nankafumbwe akufunsa ngati chipinda chija achisesa.

Manthu sadali wabodza. Adalamula kuti mlendo alowe ndi ana ake. Ndipo polowa m'chulu njira ndi imodzi yomwe ija. Nankafumbwe adaunjika njere zake pakhoma, iye kukhala pamwamba, amisiri n'kubwera ndi dothi m'kamwa. Adaimba nyimbo yawo, kukuta njere iliyonse payokha, kenaka mulu wonse. Kamata ankatsokomola pakati pa nyimbo, funso lake kumaduka, koma Nankafumbwe sadasamale zimenezo. Ankayang'ana dothi lonyowalo likunyezimira, n'kumadzitama mumtima kuti ngakhale chipinda chake chidzakhala chowala. Khoma litangotseka pamwamba pake, mvula idakhuthuka.

Adamutengera kwa Manthu.

"Mwana wanga, wandigonjetsera asilikali," adatero Manthu. "Tandiuza, n'chiyani chimenechi?"

"Ndi ndolo chabe, Amayi. Ija adaluma aChibwano."

"Bodza!" adatero Chibwano. "Ija ndidaibweza!"

"Mudaibweza ili yaikulu. Mudaibwezanso ili mchenga. Ili fumbi mudailavulira nokha, mudainunkhiza nokha, ndipo poilowetsa mudaimba bwino kuposa onse."

 Manthu adaseka mpaka chimimba kugwedezeka.

"Koma sichipweteka?" adafunsa.

"Ndolo, Amayi? Anthu amavala kukhutu moyo wawo wonse. Makanda awo amaiyamwa ali kumsana. Ine ndagona nayo zaka. Yangokukongoletsani basi."

Ndipo Nankafumbwe sankanama. Iye ankadziwa choncho.

Oyamba kubwera ndi nkhani adali alimi. Bowa wasiya kumera. Woyera uja wada bii, akununkha. Manthu adati abzale wina. Adabzala, nayenso kuda.

Kenaka amisiri adayamba kutupa mimba. Udzu umene adadya unkangokhala momwemo osagayika. Mmisiri ali chikhutire, koma akufa ndi njala. Ena ankati m'mimba mukuyaka ngati mwalowa khala. Ena ankangoyenda mozungulira malo amodzi mpaka kugwa.

Tsono chiswe sichitaya maliro. Mwambo wawo ndi wakuti wakufa amakutidwa n'kudyedwa, kuti mphamvu ya chulu isatuluke kunja. Ndiye nyimbo ija inkamveka m'njira zonse za m'chulu, koma tsopano yapansipansi, funso likutuluka mosasa, ovomera ali owerengeka, ndipo chimene ankati n'chakwawo adali m'bale wawo. Wakufa akadyedwa, thupi lake linkatha, koma fumbi silinkatha. Linkangosamukira mwa wina.

Otsiriza adali anamwino. Adalowa kwa Manthu atanyamula ana oswedwa kumene.

"Amayi, takhudzani."

Manthu adapapasa. Mwana wa mgang'a, mano ali lendelende ngati ulusi wonyowa. Mwana wa mmisiri, wopanda kamwa. Wina miyendo mbali imodzi yokha.

"Awa ndabereka ine?"

"Ndi a m'mimba mwanu, Amayi. Onse a masiku ano akutuluka chonchi."

Manthu adakuwa, chulu chonse kumva. "Ndiitanireni mlendo!"

Nankafumbwe adabwera akutafuna, poti iye ankadya kambewu kake kouma osati bowa. Ataona anawo, chimene chidali m'kamwa chidagwa.

"Wandiuza kuti sichipweteka," adatero Manthu.

"Sichipweteka, Amayi! Ndi ndolo yomwe ija! Sindinathiremo kanthu, ndalumbira pali malemu amuna anga!"

"Tsabola wathunthu umamugwira m'manja n'kumaseka. Tamusinja, uone chimene achite ndi maso ako. Ili yaikulu idali ndi nkhope imodzi yokhudza nayo. Waipera, tsopano kanthu kalikonse kali ndi kamwa lake. Tulutsa chinthu chako."

"Ndichitulutsa, Amayi. Palibe chondikanika ine." Adaganiza msangamsanga. "Onse alavule! Alavule mpaka m'mimba muyere!"

"Tilavulire kuti?" adafunsa namwino wina. "Makoma onsewa ndi malovu athu. Tikuyenda pa malovu, tikugona pa malovu."

"Ndiye tayani maliro kunja!"

"Amene adafa poyamba ali m'mimba mwa amene akuyendawa."

"Gumulani munda wa bowa!"

"Tidye chiyani?"

"Tisefe! Ndiluka sefa, tisefe dothi lonse!"

"Sefa yake iti?" adatero Chibwano. Mawu ake sadali aja a pa kabowo. Adali atatsamira khoma, mimba ili tuu. "Chidadutsa m'mphuno mwanga, chidadutsa m'tinyanga ta osankha, chadutsa m'chikopa cha Amayi mpaka kukalowa m'dzira lisanaikiridwe. Sefa yako ili ndi maso ochepa kuposa dzira?"

 Nzeru zonse za Nankafumbwe zidali zolowetsa. Ya kutulutsa adalibe ndi imodzi yomwe.

Pakona padali Kamata, atagona chammbali, akupuma movutika. Adamukodola ndi kanyanga.

"Mayi," adatero motsitsa, "musatidandaule pa ntchito. Njere zanu tidazimata bwino. Amayi adati ndinu mlendo wolemekezeka, ndiye sitidaumire malovu. Tidapaka mokhuthala, njere iliyonse."

Nankafumbwe adamuyang'ana. Kenaka adatembenuka n'kuliyatsa liwiro.

Adadumpha mitembo m'njira, kugunda amisiri ozungulira aja, mpaka m'chipinda chake chowala. Adakukuta dothi pa njere yoyamba, kulitaya uko. Njere idatuluka yosalala, youma, pomata pake pali pomwe adapasiya, popanda ndi kamng'alu komwe.

"Eya!" adatero akuseka mwaphuma. "Palibe chalowa apa. Ndimamata ine!"

Adaika khutu. Mwana wa nankafumbwe akakhala m'njere amamveka akukukuta, tseketseke, osaleka. Mudali zii.

Adagogoda. Zii.

Adaboola pomata pake pomwe, kukuza bowo, kusuzumira. Mwana adali momwemo, atapindika, thupi lonse lili mbuu, likunyezimira ngati ndolo ija. Kamlomo kadamera chokhota n'kukalowa m'mimba mwake.

"Ayi. Ayi, uyu adali wofooka kale."

Adaboola ina. Chimodzimodzi. Ina. Chimodzimodzi. Ankaboola akulira, akuitana ana amene adali asanawatche ndi maina omwe. Pa njere ina yapansi pa mulu adamva kanthu kakugwedezeka. Adang'amba ndi mphamvu zonse.

"Amayi," kadatero kamawu m'katimo, "ufa wa muno ukuwotcha."

"Lavula, mwanawe! Usadyenso! Ndikuchotsera!"

Adayamba kufukula ufa wa m'njeremo, kuutulutsa kunja ndi mlomo ndi miyendo, akuyang'ana pena paliponse kuti aone chowotchacho achitole. Ufa udali woyera bwinobwino. Adafukulabe, kufukulabe, mpaka njere idatsala chigoba chokhachokha. Pomwe amati amunyamule mwana, adapeza waleka kale kugwedezeka.

Chibwano adali atamutsatira chokwawa. Adaima pakhomo, kumvetsera, ndipo sadaseke.

"Chalowera pati, mayi?" adafunsa. "Si paja mudamata nokha?"

"Pomwepo," adatero Nankafumbwe. "Palibe bowo. Bambo, palibe bowo!"

Adagwa chagada, miyendo kuipinda pachifuwa, kuuma gwa.

Sadafe. Mvula itakula, otsala a m'chulu adaboola khoma kuti ngumbi zithawe, ndipo iye adatulukira pomwepo, wopanda njere, wopanda ndolo. Adakwatiwanso, adaberekanso, n'chifukwa chake mukulimbana nawo mpaka lero adzukulu ake. Koma taonani mmene amachitira. Akalowa m'njere samangodya n'kukhuta ngati zilombo zina. Amafukula ufa wonse n'kuutayira kunja, mpaka pansi pa thumba pali mbuu, akufunafuna chimene maso ake sadachione. Ndipo mukamukhudza ndi chala amagwa chagada, miyendo pachifuwa, phee, ngati wamvanso kamawu kaja.

Yathera pamenepa. Mbatata ija musandiwotchere lero, pakhosi panditseka.